Andiitana kuti asekuru pa depoti

Aphunzitsi a ku Katoto: Abale anga pagulu pano, mwaswera bwanji? Ndili ndi dandaulo, ndipo musaseke. Madzulo ano ndimachokera mumsika waukulu, ndanyamula kajumbo ka usipa ndi tomato, ndikuyang'ana Sienta yopita kwathu. Kamnyamata koitanira kandiona, n'kukuwa depoti yonse ikumva kuti, "Apatseni mpando wakutsogolo asekuru awa, asapanikizike!" Ine kucheuka kuti ndiwaone asekuruwo. Kumbuyo kwanga kunalibe munthu, abale. Kunali mulu wa kabichi basi.

Mayi a Zitenje: Kkkkkk mayo ine nthiti zanga! Pepani aphunzitsi, mwati tisaseke koma zakanika. Ndiye mpandowo munakhalapo?

Aphunzitsi a ku Katoto: Ndinakhalapo. Ulemu sakana. Komanso bondo lakumanzere linandinong'oneza kuti tisachite makani.

Adalaivala a M1: Aphunzitsi, inu mwangochedwa kumva. Ukalamba subwera ndi kalata, umadzera pakamwa pa oitanira. Poyamba amakuti "aise". Ukakwatira n'kumera kamimba uli "achimwene", kenako "ankolo". Pa "ankolo" munthu umakhalapo nthawi yaitali, n'kumadzinamiza kuti wafika. Kuno ku Mzuzu pamabweranso "adada", koma ameneyu sawawa chifukwa ndi ulemu wa Chitumbuka, amauzidwa aliyense wovala jekete. Ndiye tsiku lina umangomva "madala". Inu mwadumpha siteji ya "madala" mwakatsikira pa "asekuru". Munakwera ekisipulesi.

Mwana wa pa Mzuni: Nanga pambuyo pa asekuru pali ndani?

Amisiri a ku Chibavi: Pali ine, mphwanga. Ndimapala matabwa.

Mayi a Zitenje: Asa! Amisiri, usiku uno? Tisiyeni tidye kaye nsima.

Amisiri a ku Chibavi: Ndikunena mipando ndi makabati, mayi. Maganizo anu ndi amene athamangira ku bokosi.

Aphunzitsi a ku Katoto: Chikundiwawa n'chakuti ndili ndi zaka 53 zokha. Ndinabwera kuno 1994, chaka chomwe pulayimale inakhala yaulere, ana atadzaza m'makalasi mpaka pansi pa mitengo, aphunzitsi akusowa. Ndinachoka ku Salima ndi kachikwama kamodzi kutsatira amalume, ndikuwauza mayi anga kuti ndikakhala zaka ziwiri basi, kuzizira kwa kumeneko sindingakupirire. Zaka ziwirizo sizinathe mpaka lero. Ana amene ndinawaphunzitsa a, e, i, o, u pano ena ali ndi dazi loposa langa, tikakumana m'tauni amandionetsa ana awo akusekondale. Koma mumtimamu ndinkadziona ngati mnyamata yemwe uja anatsika basi akunjenjemera. Ndiye ndimati ndifunse: inu munadziwa liti kuti zayamba?

Mayi a Zitenje: Ine zinandipeza pa singano. Kasitomala wabwera pa benchi panga ku msika wa Taifa, akufuna ndim'pindire chitenje m'mphepete. Ndatenga ulusi, kunyambita, kulasa, kuphonya. Kunyambitanso, kuphonyanso. Mpaka kasitomalayo anati, "Bweretsani amama ndikuloŵetsereni." Tsiku lomwelo ndinazindikiranso kuti foni ndikumaigwirira patali ngati ikununkha.

Anesi Opuma: Achemwali, zimenezo si ufiti, si njala. Munthu ukadutsa zaka 40, kagalasi ka mkati mwa diso kamayamba kuuma, sikapindikanso bwino kuti uone zapafupi. N'chifukwa chake mkono umatalika chaka ndi chaka. Magalasi owerengera amathetsa nkhaniyo. Koma chonde, kapimitseni kaye maso, musangotola a pamsika chifukwa akukukhalani. Popima amaonanso zina, monga ng'ala ndi matenda ena oti diso limatha mwakachetechete mwini wake akuti ndili bwinobwino. Ndipo a amuna anu si anu. Pali mabanja ena magalasi amodzi akuwerengera Baibulo m'mawa, kusankhira mpunga masana, madzulo kuonera mpira.

Mayi a Zitenje: Anesi, mwandiona liti? Kkkk

Adalaivala a M1: Ine ndi Chikangawa. Kale ndinkanyamuka pano usiku, kudutsa nkhungu yonse ija, Jenda, Kasungu, kukafika ku Lilongwe osaima n'kamodzi komwe. Lero ndimadziwa mtengo uliwonse woti munthu angabisaleko kuyambira pa Mzimba Turn-off. Wothandizira wanga akangoona ndayatsa indiketa popanda siteji, amangoti, "Tiyi uja, bwana?"

Anesi Opuma: Achimwene, tiseke ndithu, koma ndikufunseni pagulu pomwe pano poti mwayamba nokha. Usiku mumadzuka kangati? Ndipo mukaima, zimatuluka mwamphamvu kapena zimachita kudontha ngati mpopi wa mwezi wa Okutobala?

Adalaivala a M1: Iii anesi, pali ana pano.

Mwana wa pa Mzuni: Ndatseka maso, pitirizani.

Anesi Opuma: Mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Azibambo ambiri akapitirira zaka 50 kachiwalo kotchedwa prostate kamakula, n'kumapanikiza njira ya mkodzo. Kawirikawiri si khansa, ndipo mankhwala ake alipo, koma woti asiyanitse ndi dokotala, osati anzanu a pa bawo. Komanso kukodza pafupipafupi pamodzi ndi ludzu losatha, kuonda, kapena bala losapola, kumeneko timaganizira shuga. Kupimitsa kwake ndi kadontho kamodzi ka magazi pachala. Azibambo inu mumapita ndi galimoto ku sevisi ikangotsokomola pang'ono, koma eni akenu mpaka akunyamuleni pa wilibala.

Amisiri a ku Chibavi: Apa ndiye mwalasa. Ine ndinadziwira pa kuzizira. Juni wa ku Mzuzu ndakhala naye zaka zambiri, ndinkapala matabwa m'mawa nditavala malaya okha, kamvula kowaza kaja kakugwa. Pano mawondo amandiuza za nyengo wailesi isananene. Ndikagona ndimavala chipewa, sokosi ziwiriziwiri, juzi ya pa kaunjika, mayi akunyumba amati akugona ndi mlonda.

Mayi a Zitenje: Kwathu n'zosemphana. Bambo akunjenjemera ndi mabulangete atatu, ine ndikutaya zofunda, thukuta kamukamu, ndikutsegula windo pakati pa usiku mu Julaye. Anafika pondifunsa ngati ndili ndi malungo. Ndinati ayi bambo, ndasanduka mbaula, othani.

Anesi Opuma: Kkkk imeneyo ndi nyengo yosiya kusamba, achemwali, ambiri imawapeza pakati pa zaka 45 ndi 55. Kutentha thupi modzidzimutsa, tulo kusowa, kupsa mtima ndi supuni yomwe. Zimadutsa. Chokhacho, ngati mwatha chaka chathunthu osaona kumwezi kenako n'kuonanso magazi, musakhale nazo, pitani kuchipatala. Ndipo poti tatchula mbaula: musagone nayo m'nyumba mutatseka mawindo, ngakhale kuzizire bwanji. Utsi wa makala suoneka, sununkha, umangokugonetsa tulo tosadzuka. Otherani, itulutseni panja, kenako kagoneni.

Adimini: Uthenga wa mbaulawo aliyense auwerenge kawiri.

Agogo a ku Zolozolo: Ndikulemba ndine mdzukulu wawo, agogo akuyankhula ine ndikutaipa. Akuti ndilembe mmene akuneneramo osachotsa. Akuti: Mwana wa zaka 53 akulira ukalamba? Aphunzitsi, inu ndinu khanda. Ine ndinafika ku Mzuzu ndi malemu bambo awo a ana kwacha isanabwere, tikugwiritsa mapaundi ndi masheleni. Kwacha inabwera 1971, paundi imodzi inali makwacha awiri, sheleni inali 10 tambala, ndipo tinkasokonezeka pamsika ngati nkhuku zachilendo. Mzuzu anadzatchedwa mzinda 1985 ine ndili kale ndi ana asanu. Ndaona nthawi yoti mkazi osavala buluku, mwamuna osasunga tsitsi lalitali, pakhomo la msika akufunsa khadi lachipani. Lero mdzukulu wanga wavala buluku long'ambika m'mawondo, akuti analigula choncho, ndipo ndi lodula kuposa losang'ambika.

Agogo a ku Zolozolo: Ili ndi langa akunenali, ndangolemba poti anandiuza osachotsa.

Mwana wa pa Mzuni: Kkkkkk mnzanga limba mtima.

Agogo a ku Zolozolo: Akupitiriza. Akuti ukalamba weniweni si imvi, ndi kubisa chinthu n'kudzibisira wekha. Ine ndinkasunga ndalama m'chitini cha mkaka, kuopa ana ndi malemu omwe. Ndinachikwirira m'thumba la zovala zakale, n'kuiwala. Mu 2012 kunabwera ndalama zatsopano zing'onozing'ono zija, anthu akusintha zakale, ine phee, sindikukumbuka kanthu. Ndinadzachipeza chitinicho patapita zaka, tikufuna nsanza zokolopera. Kutsegula, ma K500 akuluakulu aja, a Chilembwe khumi ndi awiri akundiyang'ana. Sakanagulanso ngakhale machesi. Ndinalira, kenako ndinaseka, kenako ndinaliranso. Ndiye mukabisa, uzani munthu mmodzi. Musankhe amene samwa.

Aphunzitsi a ku Katoto: Agogo, ndagwada. Mwandibwezera unyamata.

Agogo a ku Zolozolo: Akuti musanyade, mpando wakutsogolowo muzikhalapo ndithu. Wakana kuperekezedwa anagona m'ngalande. Akuti ukakula osakana mpando, osakana nsima ya pa ukwati, koma kusainira munthu ngongole uzikana ngakhale alire misozi ya magazi. Tsopano akuti ndizimitse akufuna amvere wailesi.

Mwana wa pa Mzuni: Poti lero akuluakulu mwavomera zofooka zanu, ndiloleni nane ndidandaule. Chifukwa chiyani mukangokwanitsa zaka 50 mumayamba kutumiza maluwa a "mmawa wabwino" 4 koloko m'bandakucha? Bando yanga imathera maluwa. Komanso voice note ya mphindi zisanu ndi zinayi, zitatu zoyambirira mukufunsa ngati ikujambula.

Adalaivala a M1: Mphwanga, tulo timatha 3 koloko. Ukufuna tizitani, tizikagogoda kwa aneba?

Mwana wa pa Mzuni: Koma kunena zoona, chimene chimandidetsa nkhawa ndi akuba a pafoni. Azakhali anga anawaimbira munthu akulira, akuti mwana wanu wagundidwa ndi njinga yamoto, tumizani ndalama msanga tim'tengere kuchipatala. Anatumiza. Mwanayo anali kuseri kwa nyumba akuchapa. Anthu amenewa amadziwa kuti kholo likamva za mwana silifunsa kawiri. Chonde, mukalandira foni yotero dulani, muimbireni mwanayo kapena wina amene ali naye pafupi. Mauthenga aja akuti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi" musayankhe. Ndipo PIN ya Airtel Money kapena Mpamba si yopatsa munthu, ngakhale anene kuti akuimba kuchokera ku ofesi. Musaikenso chaka chanu chobadwa ngati PIN.

Amisiri a ku Chibavi: Nanga tiike chiyani choti tikumbukire?

Mwana wa pa Mzuni: Amalume, mwangoulula.

Amisiri a ku Chibavi: Ndikusintha mawa.

Mayi a Zitenje: Abale ndangolandira zitenje zatsopano kuchokera ku Tanzania, za ukwati ndi za chinkhoswe, mitundu yonse. Ofuna andipeze ku inbox.

Adimini: Mayi, malonda ndi Lachisanu. Lero tikukalamba.

Mayi a Zitenje: Pepani a adimini, ndinaiwala tsiku. Mwaona, ndi umboni womwewo. Aphunzitsi, usipa uja wapsa? Mutigawireko.

Aphunzitsi a ku Katoto: Mayi akunyumba asintha pulogalamu, tadya nyemba. Sindinafunse chifukwa, ukwati wa zaka zambiri umaphunzitsa kusafunsa.

Akalaliki Akale: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndinadziwa kuti ndakula nditaona kuti suti yanga yakuda ikutuluka kawirikawiri kuposa ya maukwati. Kale Loweruka linali la perekaniperekani, lero ndi la chipepeso. Ndipo pamaliro sakundiuzanso kuti tiyeni kumanda tikathandize kukumba. Amandipatsa mpando pamthunzi, pafupi ndi mafumu, n'kundipempha kuti ndiyankhule m'malo mwa anzawo a malemu.

Amisiri a ku Chibavi: Chichewa n'chankhanza, akulu. Mawu amodzi omwewo, adzukulu. Ena amakukwera pamsana, ena amakukumbira. Munthu ukamati ndikudikira adzukulu uzinena bwinobwino kuti ati.

Adalaivala a M1: Kkkkk amisiri mwabwereranso komwe kuja.

Akalaliki Akale: Asiyeni, atifikitsa pamene ndimafuna. Ambiri pagulu pano si a kuno. Wina ku Salima, wina ku Ntcheu, ine kwathu ndi ku Zomba. Tonse tinabwera "zaka ziwiri". Funso limene timaliopa ndi ili: tikapuma ntchito tikakhala kuti, ndipo tsiku lija likadzafika akatiika kuti? Ndaona mabanja akukangana thupi lili mnyumba yachisoni. Ana akuti bambo agone kuno ku Mzuzu komwe tinabadwira, abale akumudzi akuti ayi, mwana wathu abwere kwawo. Galimoto yochoka kuno kukafika ku Zomba kapena ku Mulanje si masewera, ndalama yomwe ikanalipira fizi ya mwana imathera dizilo. Mwini wake akanangonena ali moyo, mkangano sukanakhalapo.

Aphunzitsi a ku Katoto: Apa mwandikhudza. Ku Salima ndinamanga kanyumba ka zipinda zitatu, ndikuti ndikadzakwanitsa 60 n'kupuma ndidzapita. Chaka chatha ndinakakhalako masabata awiri pa holide. Abale, ndinali mlendo. Anzanga amene ndinkasambira nawo kunyanja theka anapita, otsalawo tikatha moni nkhani yatha. Kutentha ndinakulephera, ine mwana wa konko, usiku ndikugona pakhonde ndikulakalaka nkhungu ya ku Kaning'ina. Ana anga Chitumbuka amachiyankhula kuposa ine, kondowole amadya ngati a ku Nkhata Bay, ukawauza za kumudzi amafunsa kuti netiweki iliko? Mpingo wanga uli kuno, banki m'khonde ya mayi ili kuno, ondidziwa ndikadwala ali kuno. Koma kukanena zimenezi kwa alongo anga kumudzi, ayi ndithu, pakamwa pamalemera.

Mayi a Zitenje: Nyumba yomanga kumudzi iwe uli kutauni imakhala ya mileme ndi abale. Yathu ku Kasungu mukukhala mphwawo wa bambo, mwaulere, ndipo malata akadontha amatiimbira ife kuti nyumba yanu ikudontha.

Adalaivala a M1: Komatu musanyoze kumudzi. Tauni imakoma uli ndi malipiro. Ukapuma, lendi siipuma, madzi ndi magetsi sizipuma. Kumudzi uli ndi munda, nkhuku, nkhwani kuseri kwa nyumba. Ine ndiye ndidzapita, Ntcheu sindingaisiye. Chimene ndinaphunzira kwa anzanga n'chakuti kumudzi sumapitako tsiku lopuma ntchito ngati wathawa nkhondo. Uzipitako uli ndi mphamvu, uzilima, uzipezeka pamaliro a konko, mfumu izikudziwa nkhope. Apo ayi ukafika ndi katundu pa lole anthu akukuyang'ana ngati wabwera kudzalanda munda.

Aphunzitsi a ku Katoto: Zoona zake. Ineyo maliro akumudzi ndakhala ndikungotumiza pafoni.

Adalaivala a M1: Ndalama siigona pa siwa, aphunzitsi. Ndipo poti mwatsala ndi zaka 7, ndikuuzeni za ndalama zopumira ntchito. Zili ndi fungo. Tsiku limene zalowa, msuweni amene munaonana naye komaliza nthawi ya referendamu ya 1993 amakuimbirani kuti ndinakulotani. Mnzanga wina atalandira zake anagula minibasi, chonsecho moyo wake wonse anali wa mu ofesi, sadziwa kusiyana kwa injini yodwala ndi yamoyo. Anyamata anam'dyera, miyezi isanu ndi itatu minibasi ili pa miyala, nkhuku zikuikiramo. Wina anangozisunga kuti azidya pang'onopang'ono, kwacha n'kugwa ndi 44 peresenti Novembala wa 2023, ndalama yoti akanamalizira nyumba inangokwana malata. Bizinesi imene simunaiyese muli pantchito musaiyambe ndi ndalama yomaliza. Yambani panopa ndi kakang'ono, kakagwa mugwe nako malipiro akadalipo.

Mwana wa pa Mzuni: Ine ndikulemba manotsi, ngakhale ntchito yoti ndidzapumeyo sindinaipeze.

Akalaliki Akale: Nditsirize yanga ija. Lembani wilu. Anthu amaopa ngati ukalemba ndiye kuti waitana imfa, koma ine ndinalemba kalekale ndipo ndikudyabe nsima. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 lilipo, ndipo limanena kuti kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana ndi mlandu. Koma lamulo limafika mochedwa, alamu atanyamula kale firiji ndi sofa. Wilu siifuna Chingelezi chapamwamba. Ikhale yolembedwa, inene momveka kuti chakuti n'cha uje, musaine pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisaine inu mukuona. Mbonizo musankhe anthu amene sakulandirapo kanthu. Ngati katundu ndi wambiri kapena muli ndi ana a mabanja awiri, pitani kwa loya akuthandizeni, musachite zongomva pagulu. Ndipo kope lina likhale pamalo poti lidzapezeke, osati m'chitini cha agogo.

Amisiri a ku Chibavi: Ana a mabanja awiri, akulu mwatchula dala?

Akalaliki Akale: Sindinatchule dzina la munthu. Koma amene watsokomola tamumva. Ana amenewo aonetseni muli moyo. Palibe chochititsa manyazi ngati mwana woonekera tsiku la maliro, nkhope ngati fotokope ya malemu, amayi akunyumba akumuona koyamba. Muuzenso akazi anu komwe kuli mapepala a puloti, buku la kubanki, ndi amene muli nawo ngongole. Azibambo ena chinsinsi mpaka mkazi osadziwa kuti nyumba akukhalayo ndi yawo kapena ya lendi.

Mayi a Zitenje: Azimayinso tili nazo. Ine bambo sadziwa kuti ndili m'mabanki m'khonde angati.

Adimini: Tsopano adziwa, ali pagulu pano.

Mayi a Zitenje: Sawerenga, magalasi ndili nawo ine.

Anesi Opuma: Ndisanagone, aphunzitsi, BP munapimitsa liti?

Aphunzitsi a ku Katoto: Ine sindidwaladwala, anesi. Mutu sundipweteka, chizungulire ndilibe. Kungoti bondo.

Anesi Opuma: Sindinafunse ngati mumadwala. Ndati munapimitsa liti?

Aphunzitsi a ku Katoto: Nthawi ya Covid, ndikuganiza.

Anesi Opuma: Ndimadziwa. Chakudza sichiimba ng'oma, bambo. Kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikupweteka paliponse, munthu amayenda nako zaka akudzitama kuti ndine wathanzi, kenako tsiku lina ali pa bolodi choko chagwa, mkono sukunyamuka. Pa ntchito yanga ndasamalira anthu ambiri a sitiroko amene ankanena mawu anu omwewa. Kupimitsa ndi mphindi zochepa. Mukafika khalani pansi kaye mphindi zisanu mupume, musapime mutangomwa khofi kapena mutangokwera chitunda. Ikapezeka 140/90 kapena kuposa, sakupatsani mankhwala tsiku lomwelo ayi pokhapokha itakwera kwambiri, amakuuzani mubwerenso tsiku lina kuti atsimikize. Akakuyambitsani mankhwala, si a malungo oti mukamva bwino mwasiya. Ambiri amene ndinawaona atagwa ndi amene anasiya okha, ena atauzidwa kuti adyo ndi mandimu zikwanira.

Amisiri a ku Chibavi: Nanga mchere? Mayi akunyumba amandilanda.

Anesi Opuma: Akukukondani. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, kumene kuli ngati kasupuni ka tiyi kamodzi, kuphatikiza wa m'ndiwo, wa mu buledi, wa mu usipa wouma, zonse. Ife timathira m'mphika, kenako patebulo tisanalawe n'komwe, kenako kanyenya ndi kamulu kena pambali. Yambani ndi kuchotsa wa patebulo. Lilime limadandaula masabata angapo kenako limazolowera. Komanso yendani. Mzuzu ndi wa zitunda, ndi jimu yaulere. Kuchoka ku Katoto kupita m'tauni si ulendo wokwerera kabaza wa njinga, uja timati sakaramento, tsiku lililonse.

Adalaivala a M1: Ndiye mpando wakutsogolo uja aubweze?

Anesi Opuma: Popita ayende, pobwera ndi katundu akhale kutsogolo ngati asekuru. China chomaliza, aliyense asunge ichi: munthu akapindika kamwa mwadzidzidzi, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi kufooka, mawu kumveka ngati waledzera chonsecho sanamwe, musam'goneke kuti aone kaye mmene kuchere, musam'mwetse phala. Pezani galimoto nthawi yomweyo. Mapemphero muchitire m'njira.

Aphunzitsi a ku Katoto: Chabwino anesi, ndagonja. Mawa ndilibe kalasi yoyamba, ndidzera kuchipatala. Ndinabwera kudzadandaula za kamnyamata ka pa depoti, ndikubwerera ndi wilu, prostate ndi nyemba zopanda mchere.

Mwana wa pa Mzuni: Gonani bwino asekuru.

Aphunzitsi a ku Katoto: Iwe, ndikadali ndi mphamvu zokwapula.

Adimini: Gulu latsekedwa mpaka m'mawa. Amaluwa, chonde, 6 koloko.

Adalaivala a M1: Mwadzuka bwanji nonse? 🌹🌹🌹

Adimini: Adalaivala, ino ndi 4:12.

Aphunzitsi a ku Katoto: Abale, ndabwerako. Ndayenda wapansi monga analamulira anesi, ndafika ndikupuma ngati ndathamangitsidwa ndi galu, ndakhala pa benchi mphindi zisanu zija. Yapezeka 148/92. Andilembera m'buku, akuti ndibwerenso sabata yamawa kawiri kuti aone ngati ndi mmene imakhalira. Shuga ali bwino. Koma nkhani ndi iyi: mtsikana amene amandipimayo wandiyang'anitsitsa, n'kunena kuti, "Sala, simukundikumbuka? Munandiphunzitsa Sitandade 3." Sala! Osati asekuru. Ndatuluka ndikuyenda ngati mnyamata.

Anesi Opuma: Mwachita bwino bambo. Sabata yamawa ndidzakufunsani, musaganize kuti ndiiwala. Adalaivala, mwatsala inu.

Adalaivala a M1: Netiweki ikuvuta kuno ku Chikangawa.

Amisiri a ku Chibavi: Mwaimanso pa mtengo uti?

Mayi a kunyumba ku Katoto: Mwadzuka bwanji nonse. Ine sindiyankhulayankhula pano koma zonse ndawerenga, za nyumba ya ku Salima zomwe, zimene kunyumba kuno sananenepo. Tikambirana madzulo. Anesi, zikomo, mchere wa patebulo ndachotsa kale. Ndipo bambo, nyemba za dzulo sikuti ndinasintha pulogalamu. Munalowa m'nyumba manja lendelende, mukungonena za asekuru. Usipa ndi tomato munazisiya mu Sienta, pa mpando wakutsogolo womwewo. Poweruka mugule zina.

Mayi a Zitenje: Kkkkkkkk ndafa ine!

Aphunzitsi a ku Katoto: A adimini, mayiwa anawalowetsa ndani pagulu pano?

Adimini: Munandipempha ndinu, aphunzitsi. Chaka chatha, mwezi wa Ogasiti.